Wa ku yunivesite asagwire sikelo?

Kuno ku Kasungu chaka chimatembenuka mwezi wa Epulo. Mvula ikangokata, mabelo a fodya amayamba ulendo wa ku Chinkhoma, soya amapunthidwa pa mabwalo, ndipo pofika Juni mtedza uli mbwee. Ku Santhe, ku Chamama, ku Nkhamenya, paliponse pamene pali mthunzi ndi msewu wodutsa lole, masikelo amapachikidwa. Ife ogula mbewu ndi nthawi imene timasaka makalaliki a nyengo, anthu oti akhale pa sikelo miyezi itatu kapena inayi, aziyeza, azilemba malisiti, azilipira alimi ndi kuyang'anira matumba. Kale ntchito imeneyi ankailimbirana ndi anyamata a Fomu 4. Masiku ano ukatsegula maenvulopu umapezamo mafotokope a madigiri: wina wa zaulimi, wina wa zachuma, wina wa uphunzitsi, wina wa zamakompyuta. Ena amakhala kuti amaliza chaka chathachi, ena akhala pakhomo zaka zingapo.

Kuti akufunsira ntchito yotere sindiona chachilendo, ndipo sindiwaseka. Chimene chimandizunguza mutu ndi zomwe zimachitika akafika pa sikelopo.

Kwa wodutsa mumsewu, ntchitoyi imaoneka yachibwana. Koma taiyandikirani. Mlimi wafika ndi matumba pa ngolo. Kalaliki ayenera kupisa dzanja mpaka pansi pa thumba, chifukwa zokongola zimakhala pamwamba, makoko ndi timiyala zili kunsi. Atenge njere ya mtedza ailume. Ikalira kuti khwa, wauma. Ikangofwanyika mwakachetechete, ndiye kuti wina anauwaza madzi usiku kuti usendeke msanga ndi kulemera pa sikelo. Mtedza wotere ukasanjidwa m'nyumba yosungira umachita chuku, ndipo chukucho ndicho chimabala poizoni wa aflatoxin, amene amachititsa ogula akuluakulu kubweza lole yonse. Akatero achotsere kulemera kwa thumba lopanda kanthu, awerengetse ndalama mlimi akuona, chifukwa alimi a kuno aberedwa mokwanira ndi masikelo opotoza a mavenda ndipo sakhulupiriranso munthu. Ndalama zikatha masana, adziwe kulankhula ndi agogo amene alawira m'mamawa kuchokera kutali, kuwauza kuti abwere mawa popanda kuwachititsa manyazi. Dzuwa likamalowa, buku, malisiti, matumba ndi ndalama zotsala zonse zinene chimodzi.

Mnyamata amene wakhala akuthandiza amalume ake pa geni kuyambira ali Fomu 2 amazichita zimenezi osaganiza n'komwe. Wa digiri, sabata yoyamba, amaima chapatali, malaya oyera, foni m'manja, kudikira kuti wina amuuze chochita. Thumba likang'ambika amayang'ana uku ndi uku kufuna wosoka. Madzulo buku likasiyana ndi ndalama, m'malo moimba foni nthawi yomweyo amangoti zii, kuganiza kuti mwina mawa zikonzeka zokha. Si ulesi ayi, si umbuli. Masamu ake ndi akuthwa kuposa anga. Koma munthuyu wafika zaka 24 asanapatsidwepo kanthu ka mwini wake koti akasunge, akayendetse, madzulo akafotokoze m'mene kayendera. Zonse zomwe wakhala akuyankha ndi mafunso a mayeso, ndipo mayeso ukalakwa umangoluza mamalikisi ako, suluzitsa ndalama za wina.

Amene amapirira mwezi woyamba uja amatiposa tonse. Ndinaona mtsikana wina wa zaulimi amene atangozolowera anayamba kulemba dzina la mudzi pa thumba lililonse, ndipo posakhalitsa anatiuza midzi imene kukuchokera mtedza wonyowa. Anapita yekha kukacheza ndi alimiwo za kaumitsidwe, kuti aziunjika mtedza ndi masamba ake omwe, makoko ali mkati, mphepo izidutsa, m'malo mouyanika pa dothi. Zimenezo wa Fomu 4 sakanaziganiza. Digiri inagwira ntchito, koma inagwira manja atayamba ada kaye.

Ndiye funso langa ndi lakuti, n'chifukwa chiyani mwezi woyamba uja ukuchitika munthu atavala kale gauni, pamene ukanachitika pa tchuthi cha chaka choyamba?

Yankho lina lili m'nyumba mwathu momwemu. Ife tinaleredwa ndi anthu amene anaona nthawi ina. Yunivesite ya Malawi itayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri inali ndi ophunzira 90 okha. Dziko linali litangolandira ufulu, azungu akuchoka m'maofesi, ndipo wotuluka ndi digiri ankapeza desiki ikumudikira, kawirikawiri ndi nyumba ya boma yomwe. Kuno ku Kasungu tinazionera pafupi. Kamuzu Academy inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, ana akuphunzira Chilatini ndi Chigiriki pakati pa minda ya fodya, pamene makolo ambiri ozungulira anali matenanti m'maesiteti, chaka chonse kudya za ngongole kwa bwana. Kwa munthu woteroyo sukulu inali ndi tanthauzo limodzi: mwana wanga asadzagwire khasu. Ndani angamudzudzule?

Koma dziko lija linapita. Lero mayunivesite a boma alipo asanu ndi imodzi: UNIMA, MUBAS ndi KUHeS zomwe zinagawikana mu 2021, kuphatikizapo LUANAR, Mzuni ndi MUST. Onjezerani a mipingo ndi a anthu wamba omwe ali m'kaundula wa NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba. Chaka chilichonse magauni amatuluka mazanamazana kusukulu iliyonse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo oposa 17.5 miliyoni, pafupifupi theka osakwana zaka 18, kutanthauza kuti mzere ukubwera kumbuyoku ndi wautali kuposa umene tikuuonawu. Madesiki a ku Capital Hill sanachulukane choncho. Mafakitale ndiye osanena. Mu 2020 tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni, ndipo aliyense amene ali ndi mwana wa digiri pakhonde akudziwa yekha m'mene zinathera kwa iye.

Mtima wa makolo wokha ndi umene unatsala ku 1965. Mwana akasankhidwa, timaphika mpunga, timapha nkhuku, abusa amamutchula m'tchalitchi. Akabwera ku tchuthi amasanduka mlendo. Amadzuka dzuwa lili pamutu, madzi osamba atenthetsedwa kale. Azing'ono ake ali kudimba, iye ali pakhonde ndi foni, ndipo akati anyamule khasu mayi ake ndi amene amayamba kukuwa.

Ndinakambirana nkhaniyi ndi achemwali anga, mwana wawo atabwera ku tchuthi chake choyamba. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi wako, ndiye ndinali ndi pakamwa.

"Achemwali, mnyamatayu ndimutenge akathandize ku sikelo. Tizimulipira ngati wina aliyense."

"Achimwene, mwanayu tagulitsa mbuzi kuti apite ku yunivesite. Ndiye akakhale pansi pa mtengo ndi mavenda? Anthu aziti chiyani?"

"Aziti akugwira ntchito."

"Ayi, aziti anamuchotsa sukulu. Inu simukuwadziwa anthu a pano?"

Mwini wakeyo anali chete, kenaka n'kuti, "Amalume, ine ndimafuna atachimenti ya ku banki." Ndinamufunsa ngati analemba kalata ku banki iliyonse. Anati akudikira kuti sukulu iwapatse makalata chaka chachitatu. Tchuthi chimenecho chinathera pa mpira wa ku England ndi kutchaja foni kwa aneba. Achemwali anga si opusa, ndipo mantha awo ndi enieni. M'mudzi ulemu wa banja ndi chuma, ndipo mwana wa ku yunivesite ndi ulemu umene banja lagula modula. Koma ulemu womwewo ndi umene umadzasanduka chitonzo mwana uja akakhala pakhomo zaka ziwiri gauni ili pa chithunzi pakhoma.

Masukulu nawo ali ndi gawo lawo, ngakhale sindikufuna kuwasenzetsa zonse. Atachimenti, ija wophunzira amakazolowera ntchito ku kampani asanamalize sukulu, ilipo m'maphunziro ambiri, koma imabwera mochedwa ndipo malo ndi ochepa. Ophunzira amauzidwa kuti adzipezere okha, ndiye onse amathamangira ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ku maofesi a mayina odziwika. Amene ali ndi azakhali ku Area 25 amapeza pogona, wa ku Chulu kapena ku Simlemba amasowa poyambira. Ndipo ofika m'maofesiwo ambiri amathera pa makina a fotokope ndi kutumidwa kukagula chipisi cha abwana. Amabwerako ndi kalata yokongola yonena kuti anali wakhalidwe labwino ndi wosunga nthawi, yopanda chiganizo ngakhale chimodzi chonena chimene anachita. Pamene pa Kasungu pompano pali makopaletivi a alimi opanda wolemba mabuku wodziwa, masukulu a sekondale oyendera masana osowa wophunzitsa masamu ndi sayansi, zipatala zing'onozing'ono za mishoni, mashopu a zipangizo zaulimi amene mwini wake sadziwa kuti katundu watsala wochuluka bwanji. Kumeneko wophunzira amapatsidwa ntchito yeniyeni tsiku loyamba, chifukwa palibenso wina woti aichite. Koma dzina la malo otero silinyaditsa pa WhatsApp.

Pali tinthu tina timene sitili pa silabasi iliyonse koma timagwetsa anthu tsiku ndi tsiku. Kalata yofunsira ntchito imafika ili ndi dzina la kampani ina, chifukwa inakoperedwa kwa mesho osaiwerenganso. CV imati munthuyu ndi wolimbikira, wogwirizana ndi anzake, wodziwa kugwira ntchito popanda womuyang'anira, mawu omwewo pa mapepala onse ngati anagawana pa chipata. Ukaimba nambala imene yalembedwa, kumayankha munthu ndi "ndani?" Pa intavyu ukafunsa kuti tatiuzani chinthu chimodzi chimene munachiyamba n'kuchimaliza, amakuuza mutu wa kafukufuku wake wa chaka chomaliza, m'Chingerezi chosalala bwino. Ukati tsopano fotokozani zomwezo m'Chichewa ngati mukuuza mlimi, mawu amatha. Ine pamenepa ndi pomwe ndimamva chisoni kwambiri, chifukwa ntchito zambiri zomwe zilipo kunja kwa mizinda, za m'mabungwe, za alangizi, za zaumoyo, za ngongole, ndi zolankhula ndi anthu a m'midzi, ndipo mwana amene anakulira pa Chichewa wabwerako akuchita nacho manyazi.

Ngakhale za ufulu wawo sazidziwa. Wina amalandira malipiro oyamba n'kubwera atakwiya kuti amubera, osadziwa kuti pali msonkho wa PAYE ndiponso kuti lamulo la penshoni limadula 5 peresenti kwa iye, bwana n'kuikapo 10 peresenti. Wina amagwira zaka ziwiri akuuzidwa kuti akadali pa probation, nthawi yoyesedwa, chikhalirecho lamulo la ntchito la 2000 silimalola kuti nthawi imeneyi ipitirire miyezi 12. Wa zowerengera ndalama amadzazindikira mochedwa kuti olemba ntchito akufuna mapepala a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama, pamwamba pa digiri. Ndipo amene anaphunzira pa ngongole ya bungwe la boma lobwereketsa ophunzira, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, ambiri amaiwala kuti inali ngongole mpaka tsiku limene ayamba kudulidwa.

Tsono ndisanamizire kuti mwana akangokonzeka bwino ntchito aipeza. Limenelo lingakhale bodza. Aliyense akudziwa kuti pali ntchito zimene zimalengezedwa m'nyuzipepala mwini wake atapezeka kale. Pali maofesi amene funso lenileni ndi lakuti wakutuma ndani. Pali atsikana amene amauzidwa kuti akakumane ndi abwana ku malo ogona alendo kuti akambirane bwino. Pali akuba amene amalengeza ntchito zabodza pa Facebook n'kumauza ana osauka kuti atumize ndalama ya fomu pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ana amatumiza, nthawi zina ndalama yobwereka. Aphunzitsi ndi anamwino ophunzitsidwa ndi ndalama za boma lomweli akhala akudikira zaka kuti alembedwe, makalasi ndi mawodi ali osowa anthu. Zimenezi si vuto la mwana, ndipo wonena kuti achinyamata ndi aulesi basi sanakhalepo pa mzere wa intavyu ya anthu mazana olimbirana malo awiri.

Boma linayambitsa ndondomeko yotumiza omaliza maphunziro m'maofesi ake ngati ma intern mu 2018, ndipo yathandiza ena kupeza chija olemba ntchito amachitcha experience. Koma nayo imabwera munthu atamaliza kale, ndipo ikatha ambiri amabwerera pakhonde pomwe paja. Chimene ndikunena ine n'chochepa: pa zinthu zonse zotchinga mwana wa ku Kasungu, chimodzi chokha chili m'manja mwake ndi mwa makolo ake, ndicho miyezi ya tchuthi imene amakhala kuno pa zaka zinayi zija. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Malo ochepa amene amapita mwachilungamo, ndipo alipo, amapita kwa amene angathe kunena kuti ndinasunga buku la kopaletivi yakuti nyengo ziwiri, imbirani tcheyamani wake pa nambala iyi.

Ntchito zikasowa, nyimbo imene imaimbidwa pa mwambo uliwonse wa magauni ndi yakuti musadikire kulembedwa, dzilembeni nokha ntchito. Oimba nyimboyi kawirikawiri ndi anthu amene alandira malipiro mwezi ndi mwezi moyo wawo wonse, ndipo akatsika pa nsanja amakwera galimoto ya ofesi. Sindikutsutsa bizinesi, ndi imene ikundidyetsa. Koma kuuza munthu amene sanagulitsepo ngakhale mulu wa tomato kuti akayambe kampani ndi kumukankhira m'madzi akuya.

Choyamba mpamba. Banki imafuna chikole, ndipo mwana wa zaka 24 alibe nyumba, munda ndi wa mbumba. Chiwongoladzanja nacho n'choopsa: mu 2024 banki yaikulu ya Reserve inakweza mlingo wake kufika 26 peresenti, ndiye mabanki enawo amabwereketsa pamwamba pa pamenepo. Thumba la ngongole limene ladziwika ndi mayina a MEDF ndi NEEF ndi la boma ndipo ena apindula nalo, koma ofuna ndi ochuluka kuposa ndalama, ndipo ngongole ikatuluka mochedwa nyengo yogula mbewu itadutsa imangosanduka mtolo. Otsala amapita ku banki m'khonde ya amayi awo, kapena kwa akatapila, kumene ndalama imabereka mwezi uliwonse. Kenaka kwacha. Inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali atalemba pulani yake yogula makina ochokera kunja anadzuka m'mawa n'kupeza kuti ndalama yake ikugula pafupifupi theka la makinawo. Pulani ya bizinesi ya m'kalasi, ija amapatsa mamalikisi, ilibe tsamba la zimenezi. Ilibenso tsamba la magetsi a ESCOM kuzima tsiku lonse, kapena la dizilo kusowa sabata imene walonjeza kupereka katundu ku Lilongwe.

Ndipo ilibe tsamba la abale. Ili ndilo limapha mabizinesi ambiri a achinyamata kuno kuposa msonkho. Ukatsegula kashopu pa Kasungu boma, azakhali amabwera kudzatenga shuga kuti alipira fodya akagulitsidwa. Asuweni amabwereka ya thiransipoti. Kukagwa maliro, onse amayang'ana kwa iwe, poti ndiwe wophunzira ndipo uli ndi geni. Kukana n'kovuta, chifukwa anthu omwewa ndi amene anasonkha ya fizi. Luso lokana mwaulemu, lopatula thumba la bizinesi ndi thumba la pakhomo, lodzilipira wekha malipiro ochepa n'kuthandiza abale kuchokera pamenepo, palibe lekichala angakuphunzitse. Umaliphunzira poona mayi wogulitsa ufa mumsika m'mene amayankhira mlamu wake wofuna ngongole, akuseka koma osapereka.

Anthu akafuna kulimbikitsa achinyamata kuno amakonda kutchula William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene anasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 n'kupanga makina amphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Ena amaipotoza nkhaniyi kuti ioneke ngati ikunena kuti sukulu si kanthu. Koma mnyamatayo nzeruzo anazitenga m'mabuku a sayansi a mu laibulale yaing'ono, ndipo mwayi utapezeka anabwerera ku sukulu mpaka kumaliza ku Dartmouth ku America mu 2014. Chimene chinali chachilendo mwa iye n'chakuti ankawerenga masana, madzulo n'kukatola zitsulo kudzala, anthu akumuti wapenga. Ana athu a ku yunivesite ali ndi mabuku oposa amene iye anali nawo. Chimene tawaletsa ndi kudzala kuja.

Njira zophunzirira zilipo, ngakhale sizikuwa. Pa Mponela, panjira yomweyi ya M1, pali malo a boma ophunzitsira za mabizinesi ang'onoang'ono. TEVETA, ya maphunziro a ntchito zamanja, yakhalapo kuyambira 1999, ndipo ndikudziwa a madigiri amene anameza manyazi n'kukaphunzira kuika magetsi a sola kapena kuwotcherera zitsulo, lero akulemba anzawo ntchito. Koma ngakhale zimenezi zimamera bwino mwa munthu amene anagwirapo kale ndalama ya malonda, amene akudziwa kuti ndalama ili m'thumba madzulo si phindu.

Pali mtsikana wina amene ndakhala ndikumugulitsa mtedza. Anaphunzira za zakudya, ndipo anayamba kupanga chiponde ali chaka chachiwiri, kukazinga pa mbaula kwa amayi ake pa tchuthi n'kumakagulitsa m'mahositelo sukulu ikatsegulira. Pomaliza maphunziro anali akudziwa kale zimene anzake amadzazidziwa atawotcha ngongole: kuti mtedza wa mtundu wa CG7 uli ndi mafuta ambiri ndipo umapereka chiponde chofewa, kuti mtedza ugulidwe Juni ndi Julayi mtengo usanakwere, kuti botolo ndi chizindikiro chomata nthawi zina zimadya ndalama yofanana ndi chiponde chili mkatimo. Ndinapita kukaona pamene amagwirira ntchito, kachipinda kamodzi kumbuyo kwa nyumba ya lendi. Pa mphasa panali amayi awiri akusankha mtedza njere imodziimodzi, yofota ndi yakuda kuponya m'beseni lapadera. Kachigayo kake n'kakang'ono, kokhoza kunyamulidwa ndi anthu awiri, ndipo pakhoma anamata pepala lolembapo maola amene magetsi amakonda kuzima, moti masiku ena amagaya usiku. Pa tebulo panali kope la ana asukulu, tsamba lililonse logawidwa pakati, zolowa uku, zotuluka uku, ndipo kumapeto kwake tsamba la ngongole za abale, dzina lililonse ndi deti lake.

"Amenewa amabweza?" ndinamufunsa.

"Ena amabweza, bambo. Koma chiyambireni kulemba akuona, obwera achepa."

Dzina la bizinesi analembetsa kwa Registrar General, TPIN, nambala ya msonkho ya ku MRA, ali nayo. Chimene chamuimitsa ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, chifukwa popanda chimenecho mashopu akuluakulu salandira katundu wake, ndipo kuti achipeze pafunika chipinda chokonzedwa bwino ndi ndalama zoyezetsera chiponde ku labotale. Ndiye pakadali pano amagulitsa m'magolosale a pa boma, kwa aphunzitsi ndi anamwino, ndi kutumiza makatoni pa minibasi kwa anzake a ku Lilongwe. Phindu limakwana lendi, chakudya, malipiro a amayi awiri aja ndi fizi ya mng'ono wake, osapitirira apo. Amayi ake mpaka lero akafunsidwa kutchalitchi amayankha kuti mwana akudikira ntchito.

Iyenso sanasiye kufunsira. Ndinkaganiza kuti mwina andiuza zoti sangalembedwenso ndi munthu, zija amanena achinyamata pa wailesi, koma anati malipiro a mwezi ndi mwezi ndi amene angamupezetse ngongole ya ku banki yomangira chipinda chija. Mwezi wathawu anaitanidwa ku intavyu ku Lilongwe. Anakwera basi ya m'bandakucha atanyamula mafotokope a digiri, kope lake la zolowa ndi zotuluka, ndi mabotolo awiri a chiponde oti akaonetse. Chigayo anasiyira mng'ono wake, amene ali pa tchuthi cha Fomu 3.